CHAM'MIMBA CHOPYOLA MUYESO: KODI ULULU UMENEWU UCHOKERA KUTI?

Pali nkhani zina zimene sizikambidwa pabwalo, ndipo makolo athu anali ndi zifukwa zawo pozisungira m'nyumba ya amayi. Ife sitifuna kugwetsa mpanda umenewo. Koma pamene mwana wamkazi abuula pamphasa mwezi ndi mwezi, osadya, osapita kusukulu, a pabanja pake n'kumangoti ndi mmene akazi analengedwera, pamenepo nkhaniyo yasanduka ya matenda, ndipo ya matenda sabisa. Tipempha tsono amayi atikhululukire potchula zinthu zina ndi mayina ake, ndiponso abambo asafulumire kupitirira tsamba lino poyesa kuti si lawo.

Aphunzitsi a m'sukulu za m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, kutsika ku Malindi, kudzera pa Boma la Mangochi mpaka ku Monkey Bay ndi ku Chembe, adziwa bwino mmene kaundula wa Sitandade 7 ndi 8 aonekera. Pa mzere wa mtsikana wina pamakhala mpata wa masiku awiri kapena atatu, ndipo mpatawo ubweranso mwezi wamawa, ndi mwezi winawo. Ambiri ajomba chifukwa chosowa nsalu zoyenera kapena malo abwino odzisamalira pasukulu, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Koma alipo ena amene chiwagoneka ndi ululu weniweni, wosanzitsa, wotulutsa thukuta, mwinanso wokomola. Mwa amenewa alipo odwala nthenda imene ilibe dzina m'Chichewa ngakhale m'Chiyao, imene madokotala aitcha endometriosis.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO liti mwa amayi ndi atsikana khumi alionse a msinkhu wobereka, mmodzi ali nayo nthendayi, ndiye kuti anthu ngati 190 miliyoni pa dziko lonse lapansi. Ngati kwathu kuno zili chimodzimodzi, pa msonkhano wa amayi a Mvano makumi asanu pakhoza kukhala asanu oidziwa bwino nthendayi ndi thupi lawo, ngakhale sanamvepo dzina lake. Kale mabuku a ku Ulaya ndi ku America ankaphunzitsa kuti imeneyi ndi nthenda ya azungu olemera ochedwa kubereka, ndi kuti mkazi wa mu Africa saidwala. Zimenezi zinali zabodza. Kwenikweni panalibe amene ankaifunafuna mwa ife. Kafukufuku wa pa chipatala chachikulu cha ku Ibadan, ku Nigeria, wofalitsidwa mu 2015, anaipeza mwa pafupifupi theka la amayi amene anawaunika m'mimba ndi kamera chifukwa cha mavuto a uchembere. Ku Kenya, mayi wina wolengeza pa wailesi, Njambi Koikai, anatha zaka zambiri akufotokozera dziko lake za nthendayi, imene kwa iye inafika mpaka ku mapapo; anamwalira mu June 2024 ali ndi zaka 38.

Mbewu yogwera pamalo pena

M'kati mwa chiberekero muli kamnofu kofewa koyala ngati mphasa. Mwezi uliwonse michere ya m'thupi, imene ena aitcha mahomoni, ikalamula kamnofuka kuti kakule ndi kukonzekera kulandira mwana. Mwana akapanda kubwera, kamnofuko kasweka n'kutuluka pamodzi ndi magazi. Ndiko kusamba kumene amayi akudziwa. Pa nthenda ya endometriosis, timinofu tofanana ndi kameneka tipezeka titamera kunja kwa chiberekero: pa timatumba ta mazira, pa nembanemba yokuta m'kati mwa mimba, kuseri kwa chiberekero, pa matumbo, pa chikhodzodzo, ndipo mwa apo ndi apo kutali ndithu monga ku mapapo.

Tifikako bwanji kumeneko? Dokotala wina wa ku Albany, ku America, dzina lake John Sampson, anafotokoza mu 1927 kuti magazi ena a msambo, m'malo motsika, abwerera m'mbuyo kudzera m'njira za mazira n'kukagwera m'mimba, atanyamula tizidutswa tamoyo ta kamnofu kaja. Pambuyo pake kunapezeka kuti kubwerera kumeneku kuchitika mwa akazi ambiri ndithu, koma mwa ochuluka asilikali a m'thupi asesa tizidutswato n'kutichotsa msanga. Mwa ena ochepa timamatirira n'kuzika mizu. Pofufuza mapasa, akatswiri apeza kuti pafupifupi theka la chimene chisiyanitsa odwala ndi osadwala ndi cha kumtundu. Chifukwa chake mayi amene anavutika pa utsikana wake asadabwe kuona mwana wake akuvutikanso, ndipo asamuuze kuti, "Ifenso tinapirira." Kupirira kwa mayi sikutsimikiza kuti palibe nthenda, mwina kungosonyeza kuti odwala m'nyumbamo ndi awiri.

Njere ya chimanga ikagwera padenga la udzu, mvula ikabwera imera monga inzake ya m'munda, pakuti mvula siisankha. Chomwechonso timinofu tosokerati timvera michere ija, makamaka umene utchedwa oestrogen. Tikula, titupa, tina tichucha magazi. Koma magazi a m'chiberekero ali ndi khomo lotulukira, pamene awa alibe. Pa thumba la mazira akhoza kuunjikana miyezi ndi miyezi mpaka kusanduka chotupa chodzala ndi magazi akale, akuda ndi okhuthala.

Moto wodzisonkhezera wokha

Kuti timvetse ululuwo, tiyambe ndi cham'mimba cha masiku onse, chimene atsikana ambiri achimva tsiku loyamba. Pamene kamnofu kaja kakusweka, thupi lipanga mankhwala ake otchedwa prostaglandin. Amenewa afinya chiberekero kuti chitulutse za m'kati mwake, ndipo pofinyikapo magazi sayenda bwino kwa kanthawi, n'chifukwa chake pamapotokola. Ndi omwewonso amene abweretsa nseru ndi kutsekula m'mimba pa masikuwo, pakuti afikanso ku matumbo. Ululu wotere ulekeka pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mwana akamwa mankhwala adzuka n'kupita kusukulu.

Pa endometriosis zinthu zipitirira pamenepo. Asilikali a m'thupi, poona minofu ndi magazi pamalo posayenera, athamangirako mwaunyinji, ndipo pomenyanapo atulutsa mankhwala otupitsa ndi owawitsa, monga mmene chilonda chifiirira ndi kutentha. Timinofu tosokerato natonso tipanga prostaglandin wambiri. Tsono chodabwitsa n'chakuti prostaglandin ameneyu alimbikitsa timinofuto kuti tidzipangire tokha oestrogen, ndipo oestrogen alimbikitsanso kupanga prostaglandin wina. Ndi moto wodzitolera wokha nkhuni. Kuonjezera apo, mchere wina wotchedwa progesterone, umene ntchito yake ndi kuziziritsa zimenezi, timinofuti sitiumvera bwino.

Pamene pakhala potupa nthawi yaitali pasiya chipsera, ndipo zipsera za m'mimba zimata. Thumba la mazira likhoza kumamatirana ndi chiberekero, chiberekero n'kumamatirana ndi matumbo. Asodzi adziwa mmene ukonde ukhalira mwera ukaupiringiza: ukakoka chingwe cha uku, ukonde wonse ukokeka. Ziwalo zimene zinayenera kutsetsereka momasuka, chilichonse pamalo pake, ziyamba kukokana munthu akawerama, akasenza ndowa, kapena akapita kukadzithandiza.

Mitsempha imene yaphunzira kufuula

Komatu pali chinthu chimene chinazunguza madokotala kwa zaka zambiri. Pochita opaleshoni ankapeza mayi wina ali ndi zotupa zazikulu koma wosadandaula kwenikweni, pamene wina, amene ankagubuduka ndi ululu, anali ndi timadontho tochepa tonga njere za mapira. Ena anafulumira kunena kuti wachiwiriyu ndi wamantha kapena wokokomeza, monga momwenso ambiri anenera m'midzi mwathu. Yankho lenileni linapezeka m'mitsempha yonyamula uthenga wa ululu, imene iyenda m'thupi lonse ngati mawaya a lamya, kuchokera ku ziwalo, kudzera mu mtsempha waukulu wa m'kati mwa msana, mpaka ku ubongo.

Mayi wina wa sayansi ku Florida, ku America, dzina lake Karen Berkley, pamodzi ndi anzake, anasonyeza m'zaka za 2004 ndi 2005, poyesa pa makoswe, kuti timinofu tosokerati timadziitanira mitsempha yakeyake. Titulutsa mankhwala okulitsa mitsempha, ndipo timitsempha tatsopano timera n'kulowa m'kati mwake, monga mizu ya mtengo ilondola chinyezi. Zimenezi zapezekanso mwa anthu. Ndiye kuti kadontho kakang'ono kakhoza kukhala ndi waya wake wopita ku ubongo, ndipo kamene kazika mozama pafupi ndi mtsempha kapweteka koposa chotupa chachikulu chimene chili patali ndi mitsempha.

Timitsempha timeneti tikhala tili m'madzi otupitsa aja usana ndi usiku, ndipo tisanduka tosachedwa kumva. Aliyense amene anapsapo ndi moto pachala akumbukira kuti ngakhale madzi ofunda, amene dzulo anali abwino, lero aluma. Madziwo sanasinthe, chasintha ndi chala.

Pali china choposa pamenepa, ndipo n'chimene chatikakamiza kulemba nkhani ino. Uthenga wa ululu ukamafika ku msana ndi ku ubongo mobwerezabwereza, mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, malo olandirira uthengawo nawonso asintha. Ayamba kukuza mawu, monga wailesi imene wina waikweza n'kuthyola kotembenuzira. Galu wa pamudzi pamene akuba abwera usiku uliwonse afika pouwa ngakhale tsamba likagwa. Chomwecho ululu umene poyamba unkabwera pa masiku a kumwezi okha uyamba kubwera masiku ena, kenaka n'kukhazikika. Ukhoza kutsalira ngakhale madokotala atachotsa zotupa zija, pakuti galuyo sanaiwale. Ululu wotere suli wa m'maganizo ayi. Ndi kusintha kwa mitsempha kumene akatswiri atha kukuyesa. Mu 2023 kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi akatswiri a ku Oxford anapeza malo 42 m'zotengera za kumtundu okhudzana ndi nthendayi, ndipo ena mwa malowo ndi omwewo okhudzana ndi mutu waching'alang'ala ndi msana wosatherapo. Amene mwana wake adandaula mutu, msana ndi m'mimba zonse pamodzi asamuyese wochulutsa madandaulo.

Ndiponso mitsempha ya chiberekero, ya chikhodzodzo ndi ya matumbo ilowera pamalo oyandikana mu msana, monga njira za midzi ingapo zikumana pa dooko limodzi. Phokoso la mudzi umodzi lidzutsa inzake. N'chifukwa chake wodwala amva kuwawa potaya madzi kapena pochita chimbudzi, ululu n'kutsikira ku msana ndi ku ntchafu, ndipo apatsidwa mankhwala a m'mimba kapena a chikhodzodzo kangapo osachira. Minofu ya m'chiuno nayonso imangika podziteteza, monga munthu afumbata dzanja poyembekeza chikwapu, ndipo ikamangika nthawi yaitali iyamba kupweteka payokha. Kwa amayi apabanja, izi ndi zimene zibweretsa ululu pokhala malo amodzi ndi amuna awo. Akulu a mpingo amene aweruza milandu ya mabanja ayenera kuchidziwa chimenechi, pakuti mlandu wina umene ufika ku bwalo la mpingo ngati mwano kapena kukana mwamuna, malo ake enieni ndi kuchipatala.

Za ife a kunyanja

Ife okhala m'mbali mwa nyanja ndi m'mphepete mwa Shire tili ndi mdani wina wovala malaya ofanana, ndiye likodzo. Ambiri aliyesa nthenda ya anyamata okodza magazi, koma tinyongolotsi take, timene tituluka m'nkhono n'kuboola khungu la munthu ali m'madzi, tiikira mazira osati m'chikhodzodzo mokha komanso m'ziwalo za uchembere. Mtsikana wochapa, wotsuka mbale ndi wotunga madzi kunyanja tsiku ndi tsiku ali pa njira yake. Kafukufuku wochitikira pa chipatala cha boma cha Mangochi, wofalitsidwa mu 1996, anaunika amayi 51 odwala likodzo, ndipo mwa 33 anapeza mazirawo m'ziwalo zimenezi. Mazirawo nawonso aitana asilikali a m'thupi, atupitsa, asiya zipsera, ndipo abweretsa kuwawa kwa pachinena, kutaya magazi, ululu wa m'banja, ngakhale kusabereka. Mankhwala ake a praziquantel, amene agawidwa m'sukulu, apha tinyongolotsito, koma zipsera zakale sizichoka msanga. Chifukwa chake kholo loletsa mwana kumwa mankhwalawa limlakwira kwambiri.

Mayi mmodzi akhoza kukhala ndi nthenda ziwirizi nthawi imodzi. Palinso zotupa za m'chiberekero ndi matenda opatsirana, zimene zipweteka pamalo omwewo. Kusiyanitsa zonsezi ndi ntchito ya achipatala. Si ntchito ya azakhali, ngakhale ya anansi amene afulumira kunong'ona kuti mtsikanayo wayamba kuyendayenda, kapena kuti wina wamlodza chifukwa cha nzeru zake za m'kalasi. Mbuzi ndi nkhuku zambiri zathera kwa asing'anga chifukwa cha nthendayi. Tikumbukira mkazi uja wa pa Marko 5, amene anadwala zaka 12 natha chuma chake chonse pofuna machiritso. Nthenda yake inali yakeyake, koma tiona kuti Ambuye sanamdzudzule poonekera pakati pa anthu ndi vuto la amayi. Anaima, namvetsera nkhani yake yonse.

"Ukadzakwatiwa zidzatha"

Mawu amenewa amveka kawirikawiri, ndipo pali kachoonadi kakang'ono kamene kawachirikiza. Mayi akakhala ndi pakati, ndiponso poyamwitsa, kusamba kuima, ndipo ululu uchepa kwa ambiri. Koma nthendayo siichoka; kawirikawiri ibwerera mwana akakula. Kukwatitsa mtsikana wa Sitandade 8 ngati mankhwala ndi kumlanda sukulu popanda kumchiritsa, ndipo malamulo a dziko lino, chiyambire 2017, salola ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Komanso mwa amayi odwala nthendayi alipo ambiri amene avutika kutenga pakati, chifukwa cha kutupa ndi zipsera zija. Mtsikana amene anauzidwa kuti ukwati udzamchiritsa apezeka tsono ali ndi ululu wake womwe uja, kuonjezapo chitonzo cha achibale a mwamuna. Tinene pano kuti ambiri abereka ndithu, ena popanda chithandizo, ena atathandizidwa.

Mankhwala ochiziratu nthendayi sanapezeke, koma ochepetsa ululu ndi kuletsa moto uja alipo, ndipo amene wamvetsa mmene ululuwo uyambira amvetsanso mmene agwirira ntchito. Mu 1971 katswiri wa ku London, John Vane, anasonyeza kuti aspirin aletsa thupi kupanga prostaglandin, ndipo pa ntchitoyi analandira mphotho ya Nobel mu 1982. Ibuprofen, amene ambiri amdziwa ndi dzina loti Brufen, ndi wa banja lomwelo. Popeza ntchito yake ndi kuletsa kupanga, agwira bwino akamwedwa ululu ukangoyamba kumene, osati mwana atagubuduka kale theka la tsiku. Sathira madzi nyumba itapsa kale. Amwedwe atadya, pa muyeso umene achipatala anena, ndipo wa zilonda za m'mimba, wa mphumu kapena woyembekezera ayambe wafunsa. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje, loika pachinena, lithandizanso kumasula minofu.

Njira yachiwiri ndi imene ivuta makolo achikhristu. Popeza timinofu tija tidya oestrogen ndipo tivutitsa pa kusamba kulikonse, dokotala akhoza kupereka mapiritsi kapena jakisoni wa michere yoziziritsa, yochepetsa kusambako kapena kukuimitsa kumene. Mankhwala amenewa ndi omwewo amene agwiritsidwa ntchito polera. Tidziwa kuti kholo likawapeza m'chikwama cha mwana wa sukulu mtima uthamanga. Koma ife tiona kuti mankhwala operekedwa ndi dokotala chifukwa cha nthenda, kholo likudziwa, ndi mankhwala basi. Salamula khalidwe la mwana, ndipo chilangizo cha mpingo chikhala pamalo pake monga kale. Mpeni womwewo usenda chinangwa ndi kuvulaza munthu, koma palibe anautaya chifukwa cha ichi. Ndi bwino mayi apite naye yekha mwanayo, amve ndi makutu ake, kuti pasakhale zokayikirana m'nyumba.

Njira yachitatu ndi opaleshoni, imene madokotala a amayi alowetsa kamera kudzera pa kabowo ka pamchombo, naona timinofuto ndi kutichotsa. Imeneyi si ya pa chipatala chaching'ono, ndipo amene aifuna atumizidwa ku madokotala a m'zipatala zazikulu. Kale ankati nthendayi siingatsimikizike popanda opaleshoniyi, ndipo ichi chinachedwetsa ambiri. Ngakhale ku Britain, aphungu a nyumba ya malamulo atafufuza mu 2020 anapeza kuti mayi ankadikira zaka ngati 8 asanauzidwe dzina la nthenda yake. Malangizo a madokotala a ku Ulaya a 2022 alola kuyamba chithandizo potengera zimene wodwala afotokoza ndi zimene sikani yaonetsa. Kwa ife amene tili kutali ndi Zomba ndi Blantyre, umenewu ndi uthenga wabwino, pakuti utanthauza kuti mawu a wodwala mwiniyo ndi umboni.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma mwana wa zaka 13 sangatsekule yekha chitseko cha chipatala, ndipo kawirikawiri akafika pamaso pa dokotala manyazi amgwira, n'kungoti, "M'mimba." Alangizi ndi amayi a Mvano angathandize pano pomuphunzitsa kusunga kakope. Kwa miyezi itatu alembe tsiku limene kusamba kwayamba ndi limene kwatha; masiku amene ululu unabwera, ngakhale amene sanali kumwezi; pamene pankapweteka; ngati kunali kuwawa potaya madzi kapena pochita chimbudzi; mankhwala amene anamwa ndi ngati anathandiza; ndi masiku amene anajomba kusukulu. Anenenso ngati amasamba kapena kuchapa kunyanja, ndi ngati amayi ake kapena akulu ake anavutikapo chomwecho. Akapatsidwa mankhwala koma osasintha, abwererenso ndi kakope komweko, ndipo afunse ngati nthenda yake singakhale endometriosis, kulitchula dzinalo momveka.

Ululu umodzi wokha sufuna kakope. Mayi kapena mtsikana amene wadumphitsa mwezi, kenaka n'kumva kubaya kwadzidzidzi mbali imodzi ya chinena, ndi chizungulire kapena kukomoka, akhoza kukhala ndi pakati pomera m'njira ya mazira, ndipo njirayo ikaphulika magazi atayikira m'kati. Ameneyo anyamulidwe nthawi yomweyo, usiku kapena usana, pa njinga, pa galimoto kapena pa bwato, kupita ku chipatala chimene chili pafupi.